Munthu ayambe walandira chipukutamisozi, paipi ibwere pambuyo

Dzulo ndinakhala maola anayi pamzere wa petulo pa boma la Ntcheu, ndipo bambo wina amene anali kumbuyo kwanga anayankhula mawu amene mpaka lero akundiwawa mumtima. Iwo anati boma lingokumba paipi ya mafuta kuchokera ku Beira kapena ku Nacala, ndipo anthu a m'midzi imene paipiyo ingadutse asamutsidwe msanga chifukwa kumeneko kuli minda ya chimanga chabe. Chimanga chabe! Munthu wodya nsima tsiku lililonse akuona munda ngati tchire losowa mwini.

Paipi sindikuikana ayi. Anzathu a ku Zambia ali ndi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola kuyambira 1968, pamene ife timadikira mathanki apamsewu, ndipo ndalama zakunja zikasowa mzere umabwerera. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu achotsedwe pamalo pake asanalandire chipukutamisozi chokwanira m'manja mwake. Ndalama iyambe yafika, khasu la kampani libwere pambuyo.

Bambo aja akafunse alimi a ku Uganda ndi ku Tanzania, kumene kampani ya mafuta ya TotalEnergies ndi anzake akumanga paipi ya EACOP ya makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima kukafika ku Tanga. Malo atayezedwa, anthu anauzidwa kuti asamangepo nyumba ndipo asabzalepo mbewu zokhalitsa, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linapeza m'chaka cha 2023 kuti ambiri anadikira ndalama zawo zaka zitatu mpaka zisanu. Taganizirani mlimi wa kachewere wa ku Tsangano kapena mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu atauzidwa kuti asakhudze dimba lake kwa zaka zisanu. Ana ake adya chiyani, ndipo fizi ya sukulu ichokera kuti? Nanga manda a makolo ake, amene mfumu ndi mudzi wonse amawalemekeza, adzawaika pa mtengo wanji?

Amatinamiza ndi mawu akuti chitukuko, ngati kuti chitukuko chimafika chokha paipi ikangodutsa. Ku Chad anamaliza paipi yopita ku Kribi m'dziko la Cameroon m'chaka cha 2003, boma litalonjeza kuti ndalama za mafuta zipita ku zipatala ndi ku sukulu, koma pofika 2008 banki ya World Bank, imene inaikapo ndalama pa ntchitoyo, inachokamo chifukwa lonjezolo silinasungidwe. Ku Nigeria, Ken Saro-Wiwa anapachikidwa mu 1995 atatsogolera anthu a mtundu wa Ogoni kudandaula za mafuta amene anaononga minda ndi mitsinje yawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye ndikubwereza, ngakhale wina akwiye: osakumba pamunda wa munthu asanalipidwe, osagwetsa nyumba yake asanapatsidwe pokhala, ndiponso osamusainitsa pepala la Chingerezi limene sanalimve. Wosauka sangakhale amene alipire mtengo wa petulo wa eni magalimoto.

Ndipo khalidwe limeneli tili nalo kale kuno kwathu, paipi isanabwere n'komwe. Azakhali anga anawalembera chizindikiro chofiira pakhoma la nyumba yawo kuti msewu udutsa pamenepo, anawaletsa kukonza denga, ndipo mvula yagwa katatu tsopano akugona m'nyumba yodontha, osaona ndalama ngakhale msewuwo.