Kuyezetsa makromozomu a mwana pa milungu 10: ndilipire kapena ndisiye?

Funso limene amayi oyembekezera akufunsana kwambiri masiku ano ndi ili: "Kuchipatala cholipira andiuza kuti pali kuyezetsa kwina, amangotenga magazi pamkono, ndipo akuti kumalondola 99 peresenti. Kodi ndilipire?" Ine maganizo anga ndi akuti musatulutse ndalama musanadziwe chimene mudzachite tsiku limene foni idzalire n'kukuuzani zomwe simumayembekezera. Ambiri amalipira pofuna kuti mtima ukhale m'malo, ndipo ambiri umakhaladi m'malo. Koma amene amagulitsa kuyezetsaku salankhula kwenikweni za ochepa aja amene amabwerera kunyumba ndi pepala lowasowetsa tulo.

Tiyambe ndi chimene chikuyezedwacho. M'maselo athu muli makromozomu 46, tizingwe tonyamula malangizo a mmene thupi limapangikira, okhala awiriawiri m'magulu 23, theka ochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Nthawi zina dzira kapena mbewu ya bambo ikamapangika, kagawidwe kamasokonekera, mwana n'kukhala ndi atatu pamalo pofunika awiri. Zikachitika pa nambala 21 mwana amabadwa ndi Down syndrome, pa 18 ndi Edwards, pa 13 ndi Patau. Palibe wolakwa apa. Si chimene mayi anadya, si ntchito imene anagwira, si mankhwala amene anaiwala kumwa.

Kuyezetsa kumene tikunenaku kumatchedwa NIPT. Kunayambira pa zimene wasayansi Dennis Lo ndi anzake anapeza mu 1997, zoti m'magazi a mayi woyembekezera mumayandama tizidutswa ta DNA ta mimbayo. Kunayamba kugulitsidwa mu 2011. Mimba ikafika milungu 10, namwino amatenga magazi m'kachubu kamodzi kapena tiwiri, n'kutumiza ku labotale, ndipo zotsatira zimabwera pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Singano sifika pafupi ndi mwana, choncho palibe mantha opita padera. Pamenepa ndiye pali ubwino wake weniweni, ndipo sindikuuchepetsa ayi.

Koma pali mfundo imene ambiri saimva pa tsiku lolipira. Tizidutswa tija sitichokera mwa mwana mwachindunji, timachokera mu nsengwa. Nthawi zambiri nsengwa ndi mwana amafanana makromozomu, koma osati nthawi zonse. Pa mimba zina, nsengwa imakhala ndi maselo olakwika pomwe mwana ali bwinobwino. Pena mimba inayamba ngati ya mapasa, mmodzi n'kusiya kukula masabata oyambirira mayi osadziwa, koma DNA yake n'kumapezekabe m'magazi. Ndiponso gawo la nsengwa m'tizidutswa tonse toyandama m'magazi a mayi limakhala lochepa, pafupifupi 10 peresenti. Likatsika kufika pansi pa 4 peresenti, malabotale ambiri satha kuwerenga, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa amayi olemera thupi kapena amene afulumira kuyezetsa. Ndiye mwalipira, mwadikira, n'kuuzidwa kuti "sizinawerengeke, bwerani titengenso." Funsiranitu ngati ulendo wachiwiriwo mulipiranso.

Tsopano 99 peresenti ija. Si bodza. Tanthauzo lake ndi loti pa mimba 100 za ana amene alidi ndi Down syndrome, kuyezetsaku kumapeza pafupifupi 99. Koma funso la mayi amene wagwira pepala m'manja ndi lina: "Andiuza kuti chiopsezo ndi chachikulu, ndiye mwana wanga ali nayodi?" Yankho la funso limeneli si 99, ndipo limasintha ndi zaka za mayi.

Tiwerengere limodzi ndi manambala osavuta. Mayi wa zaka 30, mpata woti abereke mwana wa Down syndrome ndi pafupifupi 1 pa 1,000. Titenge amayi 10,000 a msinkhu umenewu: ana pafupifupi 10 adzakhala nayo, ndipo kuyezetsa kudzawapeza pafupifupi onse. Tiyerekeze kuti pa ana abwinobwino kumalakwitsa kamodzi kokha pa 1,000 alionse. Zikutanthauza kuti amayi enanso 10 adzaimbiridwanso foni yoti chiopsezo ndi chachikulu, pomwe ana awo alibe vuto lililonse. Mafoni 20, theka lake olakwika. Tibwerezenso ndi amayi a zaka 40, pomwe mpatawo ndi pafupifupi 1 pa 100: ana 100 ali nayo, 99 apezeka, olakwika aja akadali 10. Apa mafoni 9 pa 10 alionse ndi olondola. Magazi amodzimodzi, makina amodzimodzi, mtengo umodzimodzi, koma pepala la mtsikana ndi la mayi wachikulire sizilemera mofanana. Pa Edwards ndi Patau, poti matendawa sapezekapezeka, mafoni olakwika amachuluka kuposa apa.

Pamene ndimatsutsa kotheratu ndi pa zowonjezera. Mukafika pa kauntala amakuonetsani pepala la mitengo: ya pansi imayeza 21, 18 ndi 13, ya pamwamba imayezanso "tizidutswa tosowa" ta makromozomu ndi matenda ena a mayina aatali. Mtima wa kholo umati, ndafika kale pano, bwanji ndisatenge yonse. Ine ndikuti musatenge. Matenda amenewa ndi osowa kwambiri. Lotchuka mwa iwo, la 22q11.2, limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 4,000, ndipo ena ndi osowa kuposa pamenepo. Chinthu chikakhala chosowa chonchi, masamu tawerenga aja amaipiratu. Mu Januwale 2022 nyuzipepala ya New York Times inafufuza zimenezi n'kupeza kuti pa matenda osowawa, zotsatira zoti "alipo" zimakhala zolakwika pafupifupi ka 85 pa 100. Mu Epulo chaka chomwecho bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asapange zosankha zikuluzikulu zokhudza mimba chifukwa cha NIPT yokha. Kulipira ndalama zambiri kuti muonjezere mpata wochita mantha pachabe, ine sindikuona nzeru yake.

NIPT ili ngati sefa: imapatula mimba zofunika kuonedwanso bwino, sinena mawu omaliza. Mawu omaliza amachokera ku kuyezetsa kwa singano. Pali CVS, pomwe amatenga kachidutswa ka nsengwa pakati pa milungu 11 ndi 14, ndi amniocentesis, pomwe amapopa madzi pang'ono ozungulira mwana kuyambira milungu 15. Dokotala amalowetsa singano yaitali, yopyapyala, pamimba, maso ake ali pa sikani kuti asayandikire mwana. Zotsatira zake ndi zodalirika, koma pali kampata kopita padera. Nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi yosapitirira 1 pa 200, ndipo m'manja mwa dokotala wozolowera imatsika kuposa apo.

Apa ndi pamene ndikufuna muime musanalipire. Zotsatira zikabwera zoti chiopsezo ndi chachikulu, kodi mudzavomera singano? Kodi alipo wodziwa kuibaya kumene mungafike, ndipo ndalama yake muli nayo? Ngati yankho ndi ayi, dziwani kuti mukugula mpata woyenda ndi mawu oti "mwina" kwa miyezi 6, kuyambira mlungu wa 12 mpaka tsiku lochira. Alipo amene angakwanitse. Alipo amene angasiye kudya, kusiya kusankha dzina, kusiya kumvetsera mwana akamagunda m'mimba, chifukwa cha pepala lomwe mwina linali lolakwika.

Ena amati kuyezetsaku n'kwa okhawo amene akuganiza zochotsa mimba. Ayi, sindikugwirizana nazo. Malamulo a nkhani imeneyo amasiyana dziko ndi dziko, zikhulupiriro zimasiyana banja ndi banja, ndipo sindilowapo. Koma kudziwiratu kuli ndi ntchito ngakhale kwa amene asankha kale kuti mwana wawo amulandira mulimonse. Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima. Kholo lodziwiratu limapempha sikani yoona mtima wa mwana bwinobwino, limasankha kukachirira kumene kuli madokotala a ana akhanda, limapeza nthawi yolira n'kupukuta misozi mwana asanafike, n'kuyamba kucheza ndi mabanja amene akulera ana otere. Ndipo tinene zoona: Down syndrome si chilango cha imfa. Kumene chisamaliro chili chabwino, anthu ake akufika zaka 60, amapita kusukulu, ena amagwira ntchito. Edwards ndi Patau ndi nkhani ina yolemera. Ana ambiri amamwalira asanabadwe kapena asanakwanitse chaka. Kumeneko kudziwiratu kumapatsa makolo mpata wokambirana ndi madokotala za chisamaliro chimene akufuna, mtima uli pansi, osati ali m'chipinda chochirira aliyense akuthamanga.

Ndiye ndani amene ndingamuuze kuti lipirani? Mayi wa zaka 35 kupita m'tsogolo amene akufunadi kudziwa. Amene mimba yake yam'mbuyo inali ndi vuto la makromozomu. Ndiponso amene kuyezetsa koyamba kwamuika pa gulu la chiopsezo chachikulu koma akuopa kuthamangira singano. Kuyezetsa koyambako n'kwakale ndithu: pakati pa milungu 11 ndi 14 amayeza pa sikani kukhuthala kwa kamadzi kakuseri kwa khosi la mwana, mamilimita owerengeka chabe, n'kuphatikiza ndi magazi a mayi ndi zaka zake. Kumapeza ana a Down syndrome pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100, koma kumaopseza amayi ambiri pachabe, mwina 5 pa 100 alionse. Kwa mayi amene kwamuopseza, NIPT ndi yothandiza zedi, chifukwa ambiri amapeza kuti chiopsezo n'chochepa n'kupewa singano. Ku England ndi mmene amachitira kuyambira 2021: boma limapereka NIPT kwaulere kwa amene kuyezetsa koyamba kwaonetsa mpata wa 1 pa 150 kapena kuposa. Ku Belgium inshuwalansi ya boma inayamba kulipirira amayi onse mu 2017, ndipo ku Netherlands ndi yaulere kwa onse kuyambira 2023. Mukuona kuti ngakhale mayiko olemera sanagwirizane chimodzi. Choncho amene akukupangitsani kumva ngati ndinu kholo losasamala chifukwa simunalipire, akungofuna malonda.

Koma sikani ikaonetsa kale chinthu chooneka ndi maso, monga kamadzi ka pakhosi kofika mamilimita 3.5 kapena chiwalo chosapangika bwino, madokotala ambiri amalangiza kupita ku singano mwachindunji. Pamenepo NIPT ingangokudyerani milungu iwiri ndi ndalama, ndipo ikabwera yabwino sikuti yathetsa funso.

Chimenenso chimandidetsa nkhawa ndi mtendere wabodza. Pepala likati "chiopsezo chochepa", anthu amamva ngati lati "mwana alibe vuto lililonse". Silinatero. NIPT siona msana wosatsekeka bwino, siona mtima wobooka, siona mlomo wong'ambika, siona autism, sinena kanthu za mmene kubereka kudzayendere. Zambiri za kapangidwe ka thupi zimaoneka pa sikani ya pakati pa milungu 18 ndi 22, ndipo imeneyo musaidumphe ngakhale magazi atabwera oyera bwanji. Ngati m'thumba muli mochepa moti muyenera kusankha, ine ndingaike patsogolo sikani imeneyi, kupita ku sikelo mosadumphitsa, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi, shuga, kuchepa kwa magazi, HIV ndi chindoko, ndi kusunga ndalama ya tsiku lochira. Zimenezi zikapezeka zimachizika kapena kuchepetsedwa, ndipo zimapulumutsa amayi ndi ana ambiri kuposa kuwerenga makromozomu.

Kwa amene akufuna kulipira kuti angodziwa msanga ngati ndi mnyamata kapena mtsikana: eya, NIPT imanena, ndipo imalondola kwambiri. Ndalama ndi zanu. Koma dziwani kuti pepala limenelo limabwera ndi mizere ina pamwamba pake, ndipo simungawerenge mzere wa pansi wokha. Mayiko ena, monga India kuyambira 1994, amaletsa n'komwe kuuza makolo zimenezi mwana asanabadwe.

Abambo, apa musangoti "zili kwa iwe, ine ndipereka ndalama." Khalani pansi ndi akazi anu magazi asanatengedwe, osati zotsatira zitabwera. Pamakhala mabanja amene amadzazindikira pa mlungu wa 13 kuti mmodzi akufuna singano, mnzake sakufuna n'komwe kumva, ndipo nthawi ili kutha. Kukambirana kotereku n'kowawa, koma kumapepuka mukamakamba za "zikadzachitika" kusiyana ndi "zachitika".

Mukasankha kulipira, tengani ya makromozomu atatu aja basi, ndipo muyambe mwajambulitsa sikani yotsimikiza msinkhu wa mimba komanso ngati mwana ali mmodzi kapena ndi mapasa. Funsani wogulitsayo kuti kwa mayi wa zaka zanu, zotsatira zoti "chiopsezo chachikulu" zimakhala zolondola kangati pa 100. Funsani kuti adzakuuzani ndani: munthu wodziwa nkhaniyi amene adzakhale nanu pansi, kapena uthenga wa pafoni Lachisanu madzulo chipatala chitatseka. Funsaninso ngati iwo omwewo adzakupezereni kokayezetsa ndi singano zikafunika. Akamazembazemba pa mafunso amenewa n'kumangobwereza 99 peresenti, ine ndingabweze ndalama yanga m'chikwama n'kukafunsa kwina.