Osewera a m'makoleji a ku America azilipidwa, thukuta lawo ladyetsa ena mokwana

Pa mkangano woti osewera a m'makoleji a ku America azilandira ndalama kapena ayi, ine mbali ndinasankha kale. Azilipidwa. Azisainanso makontirakiti otsatsa malonda ngati kampani yawafuna, chifukwa dzina ndi lawo, nkhope ndi yawo, ndipo bondo lothyoka m'bwalomo ndi lawo lomwe.

Ndikudziwa kuti ambiri kuno tikamva za masewero a pakoleji timaganiza za anyamata a pa Chanco akumenya mpira Loweruka masana, ochemerera ali anzawo a m'kalasi. Ku America ndi dziko lina. Bwalo la yunivesite ya Michigan mumalowa anthu oposa 107,000, kutanthauza kuti Bingu National Stadium ingadzaze kawiri anthu ena n'kutsala panja, ndipo onsewo amagula matiketi kudzaonerera ana a sukulu akusewera mpira wa chiAmerica uja wovala zisoti. Mpikisano wa basketball wa m'mwezi wa Marichi, womwe amautcha March Madness, makampani a wailesi yakanema a CBS ndi Turner anaugula mu 2010 pa $10.8 biliyoni kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera $8.8 biliyoni kuti apitirize kuuonetsa mpaka 2032. Ndalama zimenezi zimapita ku NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makolejiwa. Nick Saban, pomwe ankapuma pa ntchito ya ukochi ku Alabama kumayambiriro kwa 2024, ankalandira zoposa $11 miliyoni pachaka. Mu 2023 yunivesite ya Texas A&M inachotsa kochi wake Jimbo Fisher n'kuvomera kumulipira zoposa $75 miliyoni kuti achoke. Ndalama zonsezo zomulipira munthu kuti asabwerenso kuntchito.

Ndiye wina asandiuze kuti ndalama zikalowa m'masewerowa ziwaononga. Zinalowa kalekale. Wogulitsa jezi ankadya, wa wailesi ankadya, kochi ankadya, ngakhale wotchetcha kapinga pabwalo ankalandira zake kumapeto kwa mwezi. Yekhayo amene lamulo linkamuletsa kugwira kakobiri ndi uja anthu anabwera kudzamuona.

Mu 2014 Shabazz Napier, yemwe anali nyenyezi ya timu ya basketball ya Connecticut, anauza atolankhani kuti masiku ena ankagona ndi njala. Timu yake inatenga chikho cha dziko lonse chaka chomwecho, ndipo patangopita masiku ochepa NCAA inasintha lamulo n'kulola kuti masukulu azidyetsa osewera popanda kuwawerengera mbale. Tangoganizani: mpaka 2014 panali malamulo oletsa kumupatsa chakudya chochuluka mnyamata amene akulowetsa mabiliyoni.

Yomwe imandipweteka kwambiri ndi ya Donald De La Haye. Mnyamatayu ankasewera mpira wa zisoti ku University of Central Florida, ndipo pambali anali ndi tsamba lake pa YouTube. Ankadzijambula yekha, n'kukonza yekha makanemawo usiku ena akugona, anthu n'kuyamba kumukonda, YouTube n'kumamupatsa kangachepe. Sanabe, sanalandire chiphuphu, sanagulitse gemu. Mu 2017 a NCAA ndi a sukuluyo anamuuza kuti asamadyere ndalama pa makanema okhudza moyo wake ngati wosewera, apo ayi asiye mpira. Iye anakana, ndipo malo ake m'timu pamodzi ndi sikolashipu zinathera pomwepo. Pakoleji yomweyo, wophunzira woimba gitala akanatha kugulitsa nyimbo zake, wa zamakompyuta akanatha kutsegula kampani ali m'chipinda chake chogona, aphunzitsi n'kumamuombera m'manja. Chinalakwika n'chiyani ndi mwana womenya mpira?

Ed O'Bannon naye anatengera yunivesite ya UCLA chikho cha basketball mu 1995, ndipo patapita zaka, akugulitsa magalimoto ku Nevada, anadziona ali mu gemu ya pa kompyuta ya kampani ya EA Sports. Msinkhu wake, nambala ya jezi yake, dzanja lamanzere lomwe ankaponyera, zonse zili momwemo, kusowa dzina lokha. Palibe anamupempha, palibe anamupatsa kanthu. Mu 2009 anakamang'ala kukhoti, ndipo mu 2014 woweruza Claudia Wilken anagwirizana naye kuti malamulo a NCAA akuphwanya lamulo loteteza mpikisano pa malonda. Khoma linayamba kung'aluka pamenepo.

Tsopano otsutsa amati: kodi si amaphunzira ulere? Mfundo imeneyi sindiipeputsa ngakhale pang'ono. Aliyense amene anaonapo kholo likugulitsa mbuzi kuti lipeze fizi amadziwa kulemera kwa sikolashipu, ndipo ku America maphunziro a pakoleji ndi odula kwabasi. Kwa wosambira kapena wothamanga amene masewero ake salowetsa ndalama, sikolashipu ndi mwayi weniweni. Koma kwa anyamata a basketball ndi mpira wa zisoti a m'masukulu akuluakulu, chomwe ndimaona chikufanana ndi moyo wa matenanti pa esiteti ya fodya. Bwana amawapatsa ufa ndi pogona, mtengo wa thukuta lawo amautchula yekha, kenako mabelo akagulidwa ku okushoni amadabwa kuti bwanji anthuwa sakuthokoza. Malipiro amene wakulembayo wasankha yekha, atagwirizana ndi mabwana anzake onse kuti pasapezeke wopereka zoposa pamenepo, amenewo si malipiro achilungamo.

Komanso maphunziro akunenedwawo amawalandiradi? Wosewera amadzuka m'bandakucha kukanyamula zitsulo, masana ali pabwalo, madzulo akuonera makanema a timu yomwe akukakumana nayo, mkati mwa sabata ali m'ndege. Ku University of North Carolina kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti kwa zaka 18, kuyambira 1993 mpaka 2011, ophunzira pafupifupi 3,100 anadutsa m'makalasi a dzina lokha, opanda mphunzitsi woima kutsogolo, ongolemba pepala limodzi n'kupatsidwa malikisi apamwamba. Pafupifupi theka la iwo anali osewera. Cholinga chinali choti asalephere n'kuchotsedwa m'timu, osati kuti adziwe kanthu. Ndipo mwa osewera onsewa, osakwana awiri pa 100 alionse ndi amene amakafika ku NFL kapena NBA, maligi a akatswiri a mpira wa zisoti ndi basketball. Kwa otsalawo, zaka zinayi za pakoleji ndi nthawi yokhayo m'moyo wawo wonse yomwe dzina lawo lingagule kanthu. Kuwauza kuti adikire akadzafika kwa akatswiri n'kuwauza kuti adikire basi yomwe ambiri a iwo sadzakwera.

Pa nkhani ya kuvulala ndi pomwe mtima wanga umalimba kotheratu. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mpira wa zisoti ndi masewero ogundana mitu. Mu 1955 Ray Dennison anamwalira atavulala m'mutu akusewerera koleji ya Fort Lewis ku Colorado. Mkazi wake anapempha chipukuta misozi chomwe amalandira a m'banja la munthu wofera pantchito, khoti linakana, linati malemuwo sanali wantchito. Mu 1974 Kent Waldrep wa Texas Christian University anathyoka khosi pa gemu yolimbana ndi Alabama, ziwalo zinafa, moyo wake wonse anathera pa njinga ya olumala. Sukulu inathandiza kwa miyezi ingapo kenako inasiya. Analimbana nazo m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo mu 2000 khoti la apilo ku Texas linamuuza zomwezo: sunali wantchito. Ichi n'chifukwa chake akuluakuluwo ankakakamira kuti osewera asagwire ndalama. Munthu ukamulipira wavomera kuti akukugwirira ntchito, ndipo wantchito akavulala mlandu ndi wako.

Zinthu zasinthako, ndipo sizinasinthe chifukwa cha chifundo cha NCAA. Boma la California linayamba mu 2019 pokhazikitsa lamulo lolola osewera kudya ndi dzina lawo. Pa 21 June 2021 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Alston, linagamula motsutsana ndi NCAA oweruza onse 9 atagwirizana, ndipo woweruza Brett Kavanaugh analemba mosapsatira kuti kachitidwe ka bungweli kakanakhala kosaloledwa pafupifupi pa bizinesi ina iliyonse m'dzikomo. Pofika pa 1 July chaka chomwecho chitseko chinatseguka, osewera anayamba kutsatsa malonda. Mu June 2025 mayi Wilken omwe aja anavomereza mgwirizano wa pa mlandu wa House: pafupifupi $2.8 biliyoni zobwezera osewera akale, komanso sukulu iliyonse yaloledwa kugawira osewera ake mwachindunji ndalama zofika pafupifupi $20.5 miliyoni m'chaka choyamba.

Nanga masewero aja anafa, monga ankatiopsezera? Mu 2024 Caitlin Clark, akusewerera timu ya basketball ya Iowa, anali kale ndi makontirakiti a Nike, Gatorade ndi State Farm, ndipo gemu yomaliza ya atsikana pakati pa Iowa ndi South Carolina inaoneredwa ndi anthu pafupifupi 18.9 miliyoni, kuposa ya anyamata. Anthu sanasiye kumukonda chifukwa anali ndi ndalama. Ndipo apa pali chinthu chomwe otsutsa sakonda kuchitchula: atsikana nawonso apindula kwambiri ndi ufulu wotsatsa malonda, poti ambiri a iwo akamaliza koleji kulibe ligi yolipira bwino yowadikira.

Sindikunena kuti zonse zili bwino tsopano. Kuli chipwirikiti. Anthu olemera okonda timu amasonkherana ndalama n'kumakopa osewera ndi malonjezo apakamwa, ana n'kumasamuka sukulu chaka ndi chaka. Mu September 2024 Matthew Sluka anasiya timu ya mpira wa zisoti ya yunivesite ya UNLV itangopambana magemu atatu oyamba, ejenti wake akunena kuti analonjezedwa $100,000 yomwe sinabwere, sukulu ikukana kuti sinalonjeze zimenezo. Ena anamunyoza kuti ndi wadyera. Ine ndinaona mnyamata amene anagwira ntchito popanda pepala, chifukwa akuluakulu akuzembabe mawu oti wantchito. Mankhwala a chipwirikiti chimenechi si kubwerera kwa kale. Ndi kontirakiti yolembedwa, yosainidwa, yonena malipiro, nthawi ndi chomwe chidzachitike munthu akavulala, komanso mgwirizano wa osewera wokambirana ndi masukulu monga zilili ku NBA ndi NFL. Inshulansi yomwe NCAA inayambitsa mu 2024 imathandiza wosewera kwa zaka ziwiri akachoka pakoleji. Ndi poyambira, koma msana wovulala ali ndi zaka 20 umadzapweteka kwambiri ali ndi zaka 45. Ndipo masukulu akamalira kuti kulipira osewera kuchititsa kuti atseke masewero ang'onoang'ono ngati kusambira, ayambe ayang'ana kaye malipiro a makochi awo.

Mbali yomwe imatikhudza ife, yomwe sindiimva kawirikawiri ikukambidwa, ndi ya ana ochokera kunja. M'makoleji amenewa muli ana ambiri a kuno ku Africa: othamanga a ku Kenya, a basketball a ku Senegal, Nigeria ndi Congo, ngakhale aneba athu a ku Zimbabwe. Tapiwanashe Makarawu ndi Makanakaishe Charamba, omwe anafika mu fainolo ya mamita 200 pa Olympics ya ku Paris mu 2024, onse akulira luso lawo m'makoleji a ku America, monga anachitira wosambira Kirsty Coventry ku yunivesite ya Auburn zaka zapitazo. Ambiri mwa ana otere amalowa m'dzikomo ndi viza ya ophunzira ya F-1, yomwe imaletsa kugwira ntchito zambiri zolipidwa. Ndiye chitseko chinatsegukira anzawo, iwo n'kutsala pakhomo. Akajambulitsa chithunzi chotsatsa malonda ali pa nthaka ya America, akhoza kutaya viza n'kubwezedwa kwawo.

Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi anasankhidwa kukhala wosewera basketball wopambana onse m'makoleji mu 2022 ali ku Kentucky. Makampani ankamufuna, iye akufunitsitsa kuthandiza mayi ake, koma viza itamumanga manja. Zinatengera ulendo wa timu yake wopita ku Bahamas mu August chaka chomwecho kuti agwire ntchitozo ali kunja kwa America. Anzake akupuma, iye anali kalikiliki kujambulitsa ndi kusaina zinthu, ndipo atolankhani analemba kuti anapeza pafupifupi $500,000 m'sabata imodzi yokha. Iye zinamuyendera chifukwa anali nyenyezi, ali ndi maloya omufufuzira njira. Mtsikana wothamanga wochokera ku Eldoret ku Kenya, amene kampani ya nsapato ya m'tauni yomwe akuphunzirayo ikufuna kumupatsa $2,000, alibe loya ndipo palibe amene adzamutengere ku Bahamas. Amavala jezi yomweyo, amadzuka ola lomwelo, amabweretsa mendulo pasukulu yomweyo, koma ndalama yomwe ikanalipirira azing'ono ake fizi kumudzi ayenera kuikana.

Lamulo la viza limeneli akhoza kulikonza ndi a boma la America okha, ndipo masukulu omwe amatumiza makochi awo mpaka ku Iten ku Kenya ndi ku Dakar ku Senegal kukasaka ana ali ndi mphamvu zolikankhira nkhaniyi ku Washington akafuna. Pakadali pano, abale anga, mwana wanu kapena mphwanu akaitanidwa pa sikolashipu ya masewero, musangovina. Funsani kuti sikolashipuyo ndi ya chaka chimodzi kapena zinayi, akavulala n'kulephera kusewera ikhalapobe kapena ayi, adzalipira chipatala ndani akamaliza sukulu, komanso viza yake ikumulola kulandira chiyani pa ndalama zomwe anzake a m'timu akugawana. Mayankhowo akupatseni polemba mwanayo asanakwere ndege.