Sukulu ya ndale iyambire pa kabuku ka ngongole za tenanti

Kuno ku Kasungu tikati maphunziro a ndale, ambiri amaganiza za msonkhano wa chipani, nsalu ndi nyimbo. Ine ndikunena zoti munthu amene wakhetsa thukuta m'munda wa fodya chaka chonse akhale pansi ndi anzake, atenge pensulo, awerengetse kuti ndalama ya thukutalo yalowa m'thumba mwa yani.

Taganizirani za tenanti pa esiteti. Banja lachoka ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Mangochi chifukwa kwawo malo anachepa. Layamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Kenako kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha masamba mpaka usiku. Mayi ali momwemo, ana ali momwemo, koma m'kabuku ka bwana muli dzina la bambo lokha. Chimanga cha phoso, mchere, feteleza, ngakhale ndalama yopitira kuchipatala mwana akadwala, zonse zimalembedwa ngati ngongole, pa mtengo umene bwana waika yekha. Fodya akauma, bwana yemweyo ndiye amanena giredi ndi mtengo wake. Mabelo akapita ku Chinkhoma amagulidwa pa madola, koma pepala la ku okushoni tenanti saliona. Amangomva kuti, “Tachotsa ngongole, yako ndi iyi.” Ena amauzidwa kuti ngongole sinathe, akhalenso chaka china.

Mpata umenewu, pakati pa chuma chimene wantchito wapanga ndi chimene walandira, ndi umene Karl Marx anaufotokoza m'zaka za m'ma 1800 poona antchito a m'mafakitale a ku England: phindu la mwini chuma limachokera ku ntchito imene yagwiridwa koma sinalipidwe. Tenanti safunika digiri kuti amvetse zimenezi, akuzidziwa kale m'thupi mwake. Chimene akusowa ndi mpata wozikambirana ndi anzake mopanda mantha.

Ndipo ayenera kudziwa kuti umphawiwu unachita kukonzedwa. Nthawi ya atsamunda kunali thangata, lija linakwiyitsa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915. Titalandira ufulu, lamulo la Special Crops Act linasungira fodya wa burley eni maesiteti okha, ndipo mlimi wamba anayamba kuloledwa kulima fodyayu cha m'ma 1990. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, phindu lake nkumathandiza kukuza maesiteti a akuluakulu. Wosauka wofuna kulawako ndalama ya burley anali ndi khomo limodzi lokha, la utenanti.

Ndikudziwa kuti mwini kaesiteti kakang'ono naye amalira. Makampani ogula ndi ochepa, mtengo amaika ndi iwo, belo akalikana iye amabwerera nalo. Koma akafinyidwa kumwambako amatsikira pa tenanti, tenanti nkutsikira pa mwana wake amene wasiya sukulu kuti azisoka fodya. Phindu lenileni lili kutali, kwa opanga ndudu kunja kwa dziko lino.

Mu 2019 dziko la America linatsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito nkuthetsa utenanti. Nzabwino. Koma ndani wakawerengera lamuloli anthu a ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chulu m'Chichewa? Lamulo limene wantchito salidziwa, bwana saliopa.

Chimandiwawa kwambiri ndi kumva mnyamata wa pamudzi pano, amene naye amadalira ganyu, akunyoza tenanti kuti ndi wobwera. Onse awiri agona ndi njala ya mtundu umodzi, ndipo akamakangana za Uchewa ndi Ulomwe, palibe amene akufunsa za sikelo.

Malo ophunzirira tili nawo kale: makalabu a alimi, banki m'khonde, sukulu za kwacha, ndi bungwe la antchito a fodya la TOAWUM. Tiyambe ndi zogwirika. Wantchito aliyense akhale ndi kabuku kakekake kolembamo chilichonse chimene watenga ndi mtengo wake, mgwirizano ulembedwe ntchito isanayambe, ndipo tsiku lowerengera malipiro asalowe yekha mu ofesi ya bwana, alowe ndi anzake.