Malo ako omwe, n'kumalipiranso lendi?

Ndakwiya, abale, ndipo sindibisa. Malume anga ali ndi lesitilanti m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, cha ku Makawa uko. Anayamba ndi chisakasa cha udzu, lero ndi nyumba ya njerwa zowotcha, khonde loyang'ana kunyanja. Sabata yatha kunafika anyamata awiri a masuti, akuti atumidwa ndi anthu a ndalama, awa amati a private equity. Akuti malowo awagula, nyumba ayikonza, apachika dzina la franchise, ndiye kuti dzina lobwereka la kampani ina yotchuka, malume azipitiriza kuyendetsa bizinesi koma azilipira lendi ndi peresenti pa zonse zogulitsa. Malume kundiyimbira foni akusekerera, "Mphwanga, mwayi wagwa." Mwayi wake uti, malume? Kugulitsa malo anu kuti mukhale wa lendi pamalo anu omwe?

Anthu amenewa sabwera kudzaphika. Sadziwa kuti chambo chootcha chimatembenuzidwa liti, sadziwa ngakhale mtengo wa thumba la makala. Ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ndalama za anthu olemera ndi za mapenshoni, kugula bizinesi, mbali yaikulu ndi ngongole, ngongoleyo n'kuisenzetsa bizinesi yomwe agulayo, pakapita zaka zingapo n'kugulitsa, iwo ulendo. Chomwe akuona pa lesitilanti ya malume si nsima. Akuona dothi la m'mphepete mwa nyanja.

Musati ndikungolubwa. Ku America kuli malo odyera nsomba otchuka, Red Lobster. Mu 2014 kampani ya private equity ya Golden Gate Capital inawagula ndi madola 2.1 biliyoni. Nthawi yomweyo inagulitsa nyumba ndi malo a nthambi pafupifupi 500 pamtengo wa madola 1.5 biliyoni, n'kuuza malesitilantiwo kuti azichita lendi m'nyumba zomwe zinali zawo. Mwaiona nkhaniyo? Ndalama zogulira bizinesi zinatuluka m'thupi mwa bizinesi yomweyo! Pofika Meyi 2024 Red Lobster inakadzipereka kukhoti kuti ngongole zaikulira, nthambi zambirimbiri kutsekedwa, ophika ndi operekera zakudya kunyumba. Ena amati chinaipha ndi Covid, ena amati ndi malonda aja oti munthu adye mmene angathere pa madola 20. Zilipo zimenezo, koma lendi inali pakhosi mwezi ndi mwezi, makasitomala abwere asabwere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye za dzina la franchise lija. Subway, franchise ya ku America ya masitolo a zakudya, yomwe inagulidwa ndi kampani ya private equity ya Roark Capital ya ku Atlanta, imatenga 8 peresenti kwa mwini sitolo aliyense, kuwonjezera 4.5 peresenti ya kutsatsa malonda. Osati pa phindu ayi, pa ndalama yonse yolowa m'kabati. Uluze, upindule, yawo atenga. Tsono taganizani kuno kwathu mu Febuluwale, mvula ili pakati, alendo kunyanja kulibe, magetsi azima, nsomba zaonongeka mufiriji. Lendi ikudikira. Peresenti ikudikira. Lero malume mwezi ukavuta amangochepetsa ndiwo zopikula n'kupirira, palibe amene angawagogodere pachitseko chifukwa malo ndi awo. Akasaina pepala lija, kupirira kumeneko kwatha. Akalephera miyezi ingapo adzatulutsidwa ngati mlendo pamalo pomwe anadula okha mitengo.

Malo ndiye bizinesi. Mapoto ungagule ena, dzina ungasinthe, wophika akachoka ungapeze wina. Koma malo a m'mbali mwa nyanja akapita apita, ana ako sadzawagulanso ngakhale atagwira ntchito moyo wawo wonse. Ukufuna ndalama zokulitsira? Vutika ndi banki, lowa chipeleganyu, manga chipinda chimodzi chaka chino china chaka chamawa. Inde chiwongoladzanja cha kuno chimapweteka, ndikudziwa. Komabe osagulitsa dothi. Osagulitsa! Munthu akabwera ndi ndalama n'kuyamba wafunsa za mapepala a malo asanalawe ngakhale msuzi wako, wakuuza kale chomwe wadzera.

Ndipo nkhani ya malo imandiwawa kale. Yendani kuchoka pa boma kulowera ku Nkopola mpaka Monkey Bay muone mipanda. Makotejiwo atseka gombe, amayi akuzungulira mtunda kuti akachape ndi kutunga madzi, asodzi akusowa pokocheza bwato ndi poyanika usipa. Ena mwa mafumu athu anadula okha malowo, ndalama zake zinatha kalekale. Chambo chenichenicho chasowa, mtengo wake mwana wobadwira pa Mangochi pano sangaufikire, chikumapita ku Blantyre ndi ku Lilongwe m'makatoni a ayisi. Ndiye kagombe kotsalako tikapatsenso anthu oti nyanjayi amangoiona pa kompyuta?