Mkazi wa m'nkhani: kwathu amafa, ku Joni amagula galimoto

Loweruka lapitali mu saluni momwe ndimagwira ntchito ku Rosettenville, kuno ku Joni, munatsala pang'ono kubuka mkangano waukulu chifukwa cha munthu woti kulibe. Ndinkaluka mayi ena a ku Mangochi, mutu wa maola anayi, ndipo mtsikana amene anabwera nawo ankatiwerengera nkhani ya pafoni, zija zimatuluka chigawochigawo zija. Nkhani yake ndi yodziwika kwa tonsefe. Mwamuna wabwera ku Joni, zaka 6 osatumiza ngakhale ya sopo, kuno wapeza wina mpaka kuberekerana mwana. Mkazi kumudzi wadikira, watopa, wayamba kumwetulirana ndi mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Chigawo cha tsikulo chinathera pomwe mkaziyo analowa m'nyumba ya aphunzitsi mvula ikugwa.

Mayi aja anatembenuka mwamphamvu mpaka meshi inandipulumuka m'manja. "Hule ameneyu! Wolembayo amuphe basi, afe ndi matenda."

"Nanga bamboyo, amayi?"

"Iii mwanawe, mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Taluka."

Mnzanga wachizulu wa pampando wachiwiri anafuna kudziwa chomwe chavuta, ndiye tinamumasulira. Anaseka mpaka kuyika chipeso pansi. Anati kwawo mwamuna wa zibwenzi zambiri ndi isoka, dzina lomutamanda, pomwe mkazi wochita zomwezo ndi isifebe, mawu oti sungawatchule pamaso pa apongozi. Koma anawonjeza kuti mkazi wa m'nkhani yathuyo, akanakhala wa m'sewero la pa TV kuno, sakanafa. Akanamusiya mphunzitsiyo, n'kupeza wa ndalama, n'kugula galimoto.

Ndakhala ndikuziganiza sabata yonseyi, ndipo ndaona kuti ananena zoona, ngakhale si zoona zonse.

Kwathu wolemba ndiye amagwira chikwapu. Tinayamba kuzimva tili ana pamoto, tikuvomera "tili tonse": mtsikana wokongola wakana anyamata onse a m'mudzi, wadzisankhira yekha mlendo wovala bwino, usiku mlendo uja wasanduka fisi kapena njoka. Phunziro lake silibisika, mtsikana asamasankhe yekha. Edzi itafika povuta m'zaka za m'ma 1990, fisi uja anangosintha dzina. Nkhani zazifupi za m'nyuzipepala ndi masewero ambiri omwe ndinakula ndikumva pawailesi ankayenda njira imodzi: mtsikana wakonda zinthu, wagwa m'manja mwa bambo wa galimoto, wawonda, tsitsi lapepuka, nyimbo ya maliro. Bamboyo nthawi zambiri amalapa, n'kubwerera kwa mkazi wake, ankhoswe n'kunena kuti banja ndi kupirira. Tinazolowera mpaka nkhani ikatha mkazi wotere ali moyo, timamva ngati wolembayo watibera.

Kuno wolemba sathamangira kumupha. Masewero a madzulo pa SABC ndi Mzansi Magic adzaza ndi akazi okhala ndi blesser, bambo wa ndalama wowagulira zinthu, ena ndi makhwapheni, chibwenzi chobisa m'khwapa, ena ndi kamnyamata kawo ka Ben 10. Amakhalamo zaka, chifukwa eni wailesi akudziwa kuti anthu amakonda kuonera munthu amene akumuda. Chikwapu chimangochoka m'manja mwa wolemba n'kupita kwa woonera. Kwerani takisi ya m'mawa yopita m'tauni mumve momwe amamusambitsira chokweza, amayi ndi abambo omwe. Mwamuna wa m'sewero lomwelo, wa ana m'makomo atatu, amangomuseka kuti ndi wochenjera. Choncho aMalawi anzanga amene amati "kuno akazi ndi omasuka zedi" akuona theka lokha la nkhani.

Umboni wake unaoneka mu 2021. Dziko lino lili ndi lamulo la 1998 lovomereza maukwati a chikhalidwe, mitala ili momwemo, ndipo Jacob Zuma analamulira dziko ali ndi akazi angapo. Koma unduna wa Home Affairs utatulutsa chikalata chofunsa maganizo a anthu pa za maukwati, n'kutchulamo zoti mwina mkazi naye angaloledwe kukhala ndi amuna oposa mmodzi, dziko linagwedezeka. Mmodzi mwa omwe anakana kwambiri anali Musa Mseleku, mkulu wa bizinesi wotchuka pa TV chifukwa cha akazi anayi omwe anali nawo nthawiyo. Kwathu funso lotero silingafike n'komwe papepala la boma. Lamulo lathu la maukwati la 2015 linakana mitala pa ukwati wa kwa DC, koma wa chikhalidwe linausiya, ndipo mwambi woti mkazi mmodzi ndi diso lophinya ukadali moyo.

Ngakhale pa zovala timafanana kuposa momwe timaganizira. Kwathu Kamuzu analetsa akazi buluku ndi siketi yaifupi mu 1973, lamulolo linatha mu 1993, komabe mu Januwale 2012 mavenda anavula akazi mumsewu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuno kulibe lamulo lotero, koma mu 2008 pa renki ya matakisi ya Noord anamuchita chipongwe mtsikana chifukwa cha siketi yaifupi. Anthu amene amavula mkazi weniweni mumsewu sangamusiye wa m'buku.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi ichi. Mayi amene ankafuna kuti mkazi uja afe ndi a ku chikamwini, ngati ine. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe ambiri mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Banja likakanika, mkamwini amanyamula bulangete lake n'kuona msewu. Agogo anga aakazi anakwatiwa katatu. Mwamuna wawo woyamba anapita ku migodi nthawi ya Wenela n'kukhala mtchona, osabweranso, osalemba kalata. Atadikira zaka zingapo ankhoswe anakhala pansi, anawamasula, iwo n'kukwatiwanso, ndipo palibe anawatcha dzina loipa mpaka tsiku lomwe tinawaika. Ndiye kuti mudzi weniweni unali ndi chifundo kuposa nkhani zomwe tikuwerenga lero. Ndikanayembekeza kuuma mtima kotero kwa anzathu a lobola, a ku Mzimba kapena a ku KwaZulu-Natal, komwe ng'ombe zimachititsa kuti khalidwe la mkazi likhale nkhani ya fuko lonse. Koma tsiku limenelo wachizulu ndiye ankaseka, wa ku chikamwini ndiye ankapempha imfa.

Ena amati ndi tchalitchi ndi mzikiti zomwe zinatiumitsa chonchi. Mwina pang'ono. Koma pa Yohane 8 pomwe timawerenga kawirikawiri, anthu anakokera kwa Yesu mkazi yekha, ati wagwidwa m'chigololo, ngati chigololo amachita munthu mmodzi, ndipo sindinamvepo mlaliki akuima kufunsa komwe bamboyo anathawira.

Ine ndikuona kuti kwa ife a ku Joni chachikulu ndi mantha. Nkhani ngati ija imatikhudza pachilonda. M'zipinda zomwe timagawana ndi makatani ku Turffontein, ku Mayfair ndi ku Yeoville muli abambo angati omwe ali ndi MG1, mkazi woyamba, kumudzi ndi MG2, wachiwiri, kuno? Amatumiza katundu pa basi ya ku Park Station kamodzi pachaka, mwina osatumiza, koma amafuna kumudzi kukhale chete ngati kumanda. Mkazi wa m'nkhani akalowa m'nyumba ya aphunzitsi, aliyense amaona khomo la kwawo. N'chifukwa chake sitifunsa ngati nkhaniyo yalembedwa bwino, timangofuna chilango msanga. Ndisadziyeretse: nanenso mtsikana uja atawerenga za mvula ija, mtima wanga unati "aa, koma iwenso", ndisanakumbukire zaka 6 zopanda sopo zija. Zimenezi anatitsira m'magazi anankungwi athu.

Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ankadikira kuchapidwa mutu anangoti kwawo mkazi wamseri wa bambo wapabanja amati small house, ndipo mwala umagwera kanyumbako, womanga kanyumbayo ayi.

Nditamaliza kuwotcha nsonga za tsitsi m'madzi otentha, mayi a ku Mangochi aja anadziyang'ana pagalasi, anakhutira, anandiwerengera ndalama zanga. Anati ndiwathandize kuitana galimoto msanga, akuthamangira ku Turffontein. Mwana wawo wamwamuna, yemwe mkazi wake ndi ana awiri ali kumudzi, wadalitsidwa ndi khanda kuno, ndipo m'chikwama anali atanyamula chitenje chatsopano cha mayi wa mwanayo. Ali pakhomo anatembenukira mtsikana uja: "Chigawo chinacho chikatuluka undiuze, ndimve ngati wafa."