Mango ali mbwee, inu mukufuna maapozi

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma ayi, zandikwana, ndilankhule basi. Amene zimukhudze andikhululukire, akapanda kutero zake zimenezo.

Loweruka kunyumba kwanga ku Matawale kunafika alendo ochokera ku Blantyre, achimwene anga, akazi awo ndi ana awiri. Ine ndinalawirira kumsika waukulu, n'kugula mango beseni lonse kwa mayi wina wa cha ku Jali. Kalisere yekhayekha, wopsera mumtengo, uja ukangoluma madzi amayenderera mpaka m'chigongono. Ndinatsuka bwinobwino n'kuika patebulo. Kamwana kakang'onoko katangotambasula dzanja, mayi ake phaa pakadzanja. "Siya! Ukufuna udwale malungo?" Kenako akutembenukira kwa ine, nkhope ili gwa: "Alamu, anawa sanazolowere zimenezi. Kulibe shopu pafupi tikawagulire maapozi?"

Maapozi, mu Disembala muno, ku Zomba kuno kumene mango akuchita kugwa okha m'mbali mwa msewu! Ndinangoti chabwino alamu, koma mumtima munali moto. Achimwene anangoweramira foni ngati nkhaniyo sakuimva, chonsecho munthu yemweyu anakulira m'mitengo ya mango, mpaka lero ali ndi chipsera pabondo.

Anapitadi. Anabwera ndi timaapozi tinayi m'kapepala ka pulasitiki, tonyezimira ngati atipaka Vaseline. Ndalama imene anatayira pamenepo ine ndikanagulira beseni lina la mango n'kutsala ndi ya kabaza. Mwana analuma kawiri n'kusiya pawindo. Nditalitenga kuti nditaye, m'kati muli fumbufumbu ngati mbatata yogonera, cha kunjere kwada. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Madzulo ndikupita kukataya madzi kuseri kwa khitchini, ndinakapeza kamwana komweko katanyonyomala, kakuyamwa njere ya mango mobisala, malaya onse chikasu. Sindinakaulule. Ndinakapatsa ena awiri.

Zoti mango amadwalitsa malungo tisiye, chonde. Malungo amabwera ndi udzudzu. Mango amapsa nthawi imene mvula yayamba, zithaphwi zadzaza, udzudzu waswana, ndiye mlandu wa udzudzu mukuupachika pa chipatso chosalakwa. Gonekani ana m'neti, tsukani zipatso ndi madzi abwino, nkhani yatha.

Chimene chikundiwawa ine ndi ichi: chinthu chikakhala pa nyengo yake, chatchipa, chakoma, chili paliponse, m'pamene timachinyoza. Tikufuna chimene kulibe. Chikachuluka timati n'cha anthu akumudzi, chikasowa n'kukwera mtengo m'pamene timachithamangira kuti anthu atione. Matenda amenewa ndi a m'mutu, si a m'mimba ayi. Idyani chimene nthaka yatulutsa mwezi umenewo. Mwamva? Chimene chili mbwee pamsika lero, chimenecho ndiye mugule.

Ndipo Zomba si malo oti munthu angadandaule. Mvula ikangogwa bonongwe ndi chisoso zimamera zokha, osadzala, osathira feteleza. Nkhwani wanthete, therere, bowa wodzaza malichero m'mbali mwa msewu. Masuku ndi mango nthawi yake ndi ino. Zikamatha izi mapeyala alowa, aja onona ngati majarini, oti mwana ukamupakira pa buledi sakufunsanso china. Magwafa, maungu, mondokwa. Kukayamba kuzizira manachesi a ku Mwanza atulukira, malalanje, mbatata, nzimbe. Kwerani msewu wa kuphiri wopita ku Ku Chawe nyengo yake, anyamata akuthamangirani ndi masitiroberi m'timbale, othyola m'mawa womwewo, zinthu zimene alendo ochokera kunja amaimitsira galimoto. Chaka chonse chilipo chimene chikupsa. Koma ayi, ife tikufuna apozi amene wayenda masiku pa thiraki kuchokera ku South Africa, wagona m'mafiriji kaya miyezi ingati, n'kumadzitcha otsogola.

Mukamagula chinthu chimene si nyengo yake, dziwani kuti simukulipira kukoma. Mukulipira dizilo, firiji, msonkho wa pachipata ndi madola amene dziko lino lilibe. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zakunja zonse zinakwera, koma mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba sunamve n'komwe za nkhaniyo, unabereka ngati kale.

Za matimati ndiye musandiyambe. Febuluwale aliyense Facebook imadzaza ndi kulira, matimati adula, atatu okha mtengo wakutiwakuti, dziko lapita. Mumayembekezera chiyani? Nthawi ya mvula matimati amagwidwa chiwawu, amaola m'munda, mlimi amapopera mankhwala mobwerezabwereza kuti apulumutse ochepawo. Ndiye mukulimbana nawo chifukwa chiyani pamene nkhwani wotendera safuna n'komwe matimati ambiri? Dikirani a kudimba nthawi ya chilimwe, aja amaunjikana pa Thondwe ndi pa Songani mpaka ogulitsa kumachita kukukoka malaya, kukuikira ndi basera osapempha. Nthawi imeneyo simuoneka. Matimati amaolera m'madengu, amayi aja kumadzulo amangokhuthula kudzala n'kubwerera kwawo ndi ndalama yosakwana ngakhale sopo. Ikafika Febuluwale mwayambanso nyimbo yanu ija.

Agogo athu analibe firiji koma pa nkhani iyi anatiposa kutali. Masamba akachuluka ankafutsa, nkhwani, khwanya, chitambe, kuyanika pamphasa, kumanga m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndiwo zasowa, iwo akungomasula chikwatu, kuthira nsinjiro, banja ladya. Lero mukati mfutso ana amakuyang'anani ngati mwatukwana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

China chimene chimandinyansa. Anthu omwewa akalowa mushopu amalipira mtengo wolembedwa pakapepala ali chete, mwinanso kumwetulira. Koma akafika kwa mayi amene watsika phiri ndi dengu pamutu, mwana kumbuyo, kuyambira mbandakucha, pamenepo ndiye amakumbukira kuti ndalama ikuvuta. "Mayi tsitsaniko, mwadulitsa." Mulu wa mango khumi, wotchipa kale, mukufunanso atsitse? Alamu anga omwewa pobwerera Lamulungu anaimitsa galimoto pamsewu kuti agule bowa wa kunyumba kwawo, ananenerera mpaka mayi uja anangovomera chifukwa cha manyazi. Ndinali pomwepo, ndinaona ndi maso angawa. Dzulo lake maapozi oola aja sananenerere ngakhale tambala.

Gulani za pa nyengo yake, anthuni. Ndalama yanu ipite kwa mlimi wa ku Domasi, wa ku Jali, wa kuphiri, amene mawa mukumana naye pamaliro. Ana anu adye chipatso chimene dzulo chinali mumtengo. Ngati n'kudzionetsera, gulani nsapato.

Ndipo poti ndayamba kale, inu anyamata amene mukumagenda maboloma anga mukamachokera kusukulu, mangowo sanakhwime. Mukungoluma kamodzi n'kutaya mumsewu, ena mukudya ndi mchere kenako muzidandaula m'mimba, amayi anu azinamizira mango. Mtengo wonse mwaukuntha usanafike nthawi. Lachiwiri mwala wina unagwera pamalata mpaka agogo anadzidzimuka ali mtulo, lata labooka pamwamba penipeni pa bedi lawo, ndipo mvula ndi imeneyi. Wa juzi yofiira uja ndakuzindikira, amayi ako timapemphera limodzi.