Toyota sinabe kanthu ku Fremont

Zimanditopetsa kuti makampani awiri a mayiko osiyana akagwirizana kuchita bizinesi limodzi, ina n'kutsala m'mbuyo, anthu amangothamangira kunena kuti yaberedwa nzeru. Taonani zimene zinachitika pakati pa General Motors (GM) ndi Toyota ku Fremont, m'chigawo cha California.

Fakitale ya ku Fremont inali ya GM, ndipo mbiri yake inali yonunkha: antchito kujomba, kunyanyala ntchito, galimoto kutuluka ndi zolakwika. GM inaitseka mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso ndi dzina loti NUMMI, GM ndi Toyota atagawana umwini pakati ndi pakati. Aliyense analowamo ndi njala yake. Toyota inkafuna kuona ngati kagwiridwe kake ka ntchito kangatheke ndi antchito a ku America ndi bungwe lawo la UAW. GM inkafuna kudziwa chimene chimachititsa kuti galimoto zazing'ono za ku Japan zizituluka zopanda vuto.

Toyota sinabise kanthu. Ambiri mwa antchito omwe aja anawalembanso ntchito, ena n'kuwatumiza kukaphunzira ku fakitale ya Takaoka ku Japan. Anawapatsa chingwe chotchedwa andon: ukaona cholakwika, koka, ngakhale zitafika poti mzere wonse wa galimoto uime. Mu GM yakale kuimitsa mzere unali mlandu waukulu. Posapita nthawi, galimoto za ku Fremont zinali m'gulu la zabwino kwambiri zimene GM inkagulitsa, ndipo ozipanga anali anthu omwe aja ankatchedwa aulesi.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Apa mlendo anakaika patebulo, mwininyumba akuona. Komatu mpikisano sunathe. Corolla ya Toyota ndi Geo Prizm ya GM zinkatuluka mu mzere umodzi, n'kukalimbirana ogula kunja. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Amene amalowa mu mgwirizano wotere akuganiza kuti mnzakeyo wasiya kukhala mdani pamsika akudzinamiza yekha.

Kusiyana kunali pa zimene aliyense anachita ndi zimene anaona. Mu 1988 Toyota inayamba kupanga galimoto mu fakitale yakeyake ku Georgetown, Kentucky, itadziwa kale kagwiridwe ka ntchito ndi Amereka. GM, mu ulamuliro wa Roger Smith, inali kalikiliki kutsanulira ndalama zambirimbiri pa maloboti. Mabwana ake obwerera kuchokera ku NUMMI ankawamwaza m'mafakitale momwe akuluakulu sankafuna kumva za wantchito wamba woimitsa mzere. Anayesa njira ya NUMMI ku fakitale ya GM ya ku Van Nuys, zinakanika. Phunziro linadzalowa ndithu, koma mochedwa.

Mu 2008 Toyota inapitirira GM pa chiwerengero cha galimoto zogulitsidwa padziko lonse. Mu 2009 GM inagwa ndi ngongole n'kutuluka mu NUMMI, ndipo fakitaleyo inatsekedwa mu 2010. Ndiye wina andiuze kuti GM inaberedwa chiyani, pomwe khomo linali lotsegula zaka 25. Lero mu fakitale ija mumatuluka galimoto za Tesla.